Gulu langa limadziwa kompyuta koma sililankhulana: ndiliphunzitse bwanji?

FUNSO

Akonzi,

Ndine mayi amene ndimatsogolera gulu la anthu 8 olemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina yaing'ono mumzinda wa Lilongwe. Chaka chatha tinayamba kugwira ntchito motsatira njira ya agile, makamaka ya Scrum: ntchito timaigawa m'zigawo za masabata awiriawiri, timakumana m'mawa uliwonse, ndipo chigawo chilichonse, chimene timachitcha sprint, chikatha timakhala pansi n'kuunika mmene zinthu zayendera. Pa luso la kompyuta sindiwadandaula anzangawa, chifukwa ena mwa iwo amandiposa ineyo. Vuto lili pa kukhalirana. Pamsonkhano wa m'mawa aliyense amangoti "zikuyenda," koma tsiku lomaliza ndi pamene zimadziwika kuti wina anakanirira kalekale ndipo sanauze munthu. Mkulu wina amene wakhalitsa pa ntchitoyi akamaunika code (malamulo olembedwa amene amapanga pulogalamu) ya anzake amalemba mawu olasa, moti achinyamata awiri anasiya kufunsa mafunso. Kasitomala akabwera timamuyankha ndi mawu a ukatswiri amene iye samva, ndipo amachoka atavomera zinthu zimene pambuyo pake amadzazikana. Nditanena kuti tiitane mphunzitsi wa zimene amati soft skills, kutanthauza luso lolankhulana ndi kukhala bwino ndi anthu, mmodzi anandiyankha kuti analembedwa ntchito yopanga mapulogalamu osati yocheza. Kodi ndingawathandize bwanji kuti aone kufunika kwa zinthu zimenezi?

Wowerenga wanu, ku Lilongwe

YANKHO

Mayi, ndiyambire pa mnzanu amene anakuyankhani kuti sanalembedwe ntchito yocheza, chifukwa yankho lakelo likuonetsa pamene pagona vuto. Iye amakhulupirira kuti ntchito yeniyeni ndi imene amachita ali chete pa kompyuta, ndipo kulankhulana ndi chinthu chapambali chimene chimangomudyera nthawi. Munthu woganiza choncho mukamutumiza ku maphunziro a masiku awiri, adzapita ndithu chifukwa mwamutuma, koma akabwerako adzachita monga ankachitira kale, popeza maphunzirowo sanakhudze chikhulupiriro chakecho. Choncho musafulumire kuitana mphunzitsi wa kunja. Luso lomvetsera, lofunsa, lodzudzula mwaulemu ndiponso lonena zoona nthawi ikadalipo limaphunziridwa mkati mwa ntchito momwemo, pa misonkhano imene muli nayo kale, ndipo mphunzitsi woyamba ndinu nomwe.

Ndi bwino kuti gulu lanu lidziwe kumene agile inachokera. Mu February 2001, anthu 17 anakumana pa malo otchedwa Snowbird, m'chigawo cha Utah ku America, ndipo analemba chikalata chachifupi chimene chimadziwika kuti Agile Manifesto. Anthuwa anali akatswiri a mapulogalamu enieni, monga Kent Beck, Martin Fowler, Ward Cunningham amene anapanga wiki yoyamba (tsamba la pa intaneti limene owerenga angathe kulembamo ndi kukonza), komanso Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland amene anakonza Scrum imene mukutsatirayi. Pa mfundo zinayi zikuluzikulu zimene anagwirizana, yoyamba imaika anthu ndi mmene amachitirana zinthu patsogolo pa ndondomeko ndi zipangizo. Pa mfundo 12 zimene zimatsagana ndi chikalatacho, ina imati njira yabwino koposa yopatsirana uthenga m'gulu ndi kukambirana pamaso ndi pamaso, ndipo ina imati eni ntchito ndi olemba mapulogalamu azigwira ntchito limodzi tsiku ndi tsiku. Scrum nayo ili ndi makhalidwe asanu amene imawatchula poyera: kudzipereka, kuika mtima pa ntchito, kusabisirana, ulemu ndi kulimba mtima. Palibe ngakhale limodzi mwa asanuwa limene lili luso la pa kompyuta.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Kale kampani inkatha miyezi ikulemba zikalata zofotokoza zonse zimene pulogalamu idzachite, kasitomala n'kusaina, kenaka n'kuyamba kupanga. Njira imeneyo inali ndi mavuto ake, chifukwa pulogalamu ikamatha zosowa za kasitomala zinkakhala zitasintha, komabe zikalatazo zinkasunga zimene anthu anagwirizana. Agile inachepetsa zikalata podalira kuti anthu azikambirana kawirikawiri m'malo mwake. Gulu limene lachepetsa zikalata koma silinayambe kulankhulana momasuka lataya chakale popanda kulandira chatsopano, ndipo n'zimene ndikuona m'kalata yanuyi. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yaikulu yopanga pulogalamu yoyendetsa makompyuta yotchedwa OS/360 ku kampani ya IBM, anasonyeza mu 1975 kuti njira zolankhulirana zimachuluka mofulumira kuposa anthu. Pa gulu lanu la anthu 8 pali njira 28 zolumikizira anthu awiriawiri, ndipo mukangowonjezera awiri zimakwana 45. Pa njira iliyonse uthenga ukhoza kusokera, kuchedwa kapena kusatumizidwa n'komwe.

Popeza anthu a ntchito imeneyi amakhulupirira umboni kuposa malangizo, apatseni umboniwo. Mu 2012 kampani ya Google inayamba kafukufuku wotchedwa Project Aristotle, pofuna kudziwa chifukwa chimene magulu ake ena ankachitira bwino kuposa anzawo. Ataunika magulu 180, anapeza kuti mmene gulu limagwirira ntchito limodzi n'zofunika kwambiri kuposa kuti m'gulumo muli ndani, ndipo pa zinthu zisanu zimene anazitchula mu 2015, chachikulu chinali chakuti munthu azitha kufunsa, kuvomera kuti walakwitsa kapena kupereka maganizo osiyana popanda kuopa kunyozedwa. Mfundoyi anaitenga kwa Amy Edmondson wa ku Harvard Business School, amene anailemba mu 1999. Mayiyu asanalembe zimenezi anafufuza zolakwika pa kaperekedwe ka mankhwala m'zipatala, akuyembekezera kuti magulu ogwirizana bwino adzapezeka ndi zolakwika zochepa. Anadabwa kuona kuti maguluwo ndi amene anali ndi zolakwika zambiri zolembedwa, ndipo atafufuzanso anazindikira kuti anthu ake ankaulula zolakwika pamene a m'magulu ena ankabisa.

Komabe ndikuuzeni kuti nkhani za ku America zokha sizidzasintha mtima wa munthu amene wakhala pa desiki ku Lilongwe. Umboni wamphamvu uli m'ntchito yanu yomwe. Tengani ntchito zonse zimene sizinathe pa nthawi yake m'ma sprint atatu apitawa, ndipo pa iliyonse mufunse zinthu ziwiri: ndi tsiku liti limene munthu woyamba anadziwa kuti pali vuto, nanga ndi tsiku liti limene gulu lonse linadziwa? Lembani masiku a pakatipo pa bolodi, osatchula dzina la munthu aliyense. Chitani chimodzimodzi ndi ntchito zimene munazibwereza chifukwa kasitomala anati sizimene ankafuna. Anzanuwo akaona okha masiku amene anatayika, osati chifukwa code inali yovuta koma chifukwa mawu sanalankhulidwe, simudzafunikanso kuwakakamiza kuvomera kuti kulankhulana ndi mbali ya ntchito.

Tsopano za msonkhano wa m'mawa, umene mu Scrum umayenera kutenga mphindi 15. Yankho lakuti "zikuyenda" musalitenge ngati bodza kapena ulesi. Ambirife tinaleredwa kuti mwana sauza wamkulu nkhani yoipa mwachindunji, satsutsa pagulu, ndiponso savutitsa anthu ndi mavuto ake. Ulemu umenewu ndi chuma, ndipo sindikukulimbikitsani kuti muuchotse. Chofunika ndi kukonza msonkhanowo kuti munthu azitha kunena zoona popanda kumva kuti wachita mwano kapena wadzichotsera ulemu. Ngati aliyense amayang'ana kwa inu polankhula, ndiye kuti msonkhanowo wasanduka malo operekera lipoti kwa bwana, ndipo palibe amene amafuna kupereka lipoti loipa. Imani kumbuyo, ndipo muwasiye ayang'ane pa bolodi limene mwalembapo ntchito za sprint. M'malo mofunsa munthu aliyense zimene anachita dzulo, tengani ntchito imodzi imodzi, kuyambira imene yatsala pang'ono kutha, n'kufunsa kuti chatsala n'chiyani kuti ithe ndiponso ndani angathandizepo lero. Funso likalunjika pa ntchito, munthu sachita manyazi kunena kuti yaima. Dziwaninso kuti mafunso atatu amene magulu ambiri amangowabwereza m'mawa uliwonse (wachita chiyani dzulo, uchita chiyani lero, chakuimitsa n'chiyani) anachotsedwa mu Scrum Guide ya 2020, buku la malangizo a Scrum, ndipo gulu linapatsidwa ufulu woyendetsa msonkhanowu m'njira imene ikulithandiza.

Mungachite bwino kugwirizana lamulo limodzi laling'ono, lakuti munthu akakanirira pa vuto kwa theka la tsiku ayenera kuuza mnzake. Likakhala lamulo, kufunsa kumasiya kuoneka ngati kufooka ndipo kumakhala kukwaniritsa udindo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pa ntchito ya gulu phulalo amadya ndi onse, kuphatikizapo kasitomala amene akudikira. Ndipo samalani kwambiri mmene mudzachitire tsiku loyamba limene wachinyamata adzalimbe mtima n'kunena kuti wakanika. Mukadzakwinya nkhope kapena kufunsa kuti analekeranji kunena dzulo, onse adzaona ndipo adzabwerera ku "zikuyenda." Mukadzathokoza n'kufunsa kuti ndani akhale naye pambuyo pa msonkhano, mudzakhala mutaphunzitsa zambiri kuposa zimene mphunzitsi wa kunja akanatha. Inunso muzinena poyera pamene simukudziwa chinthu, makamaka popeza mwavomereza nokha kuti ena amakuposani luso.

Nkhani ya mkulu wolemba mawu olasa ndi imene ili yolemera, ndipo musaizengereze. Mulankhule naye panokha, osati pamaso pa gulu, chifukwa munthu wamkulu akadzudzulidwa pamaso pa ang'onoang'ono amateteza ulemu wake m'malo momva uthenga. Musamuuze kuti ndi wankhanza kapena kuti alibe khalidwe, pakuti amenewo ndi maweruzo amene angathe kuwakana. Tchulani nthawi yake, mawu enieni amene analemba, ndi zimene zinatsatira. Bungwe la Center for Creative Leadership ku America lakhala likuphunzitsa njira imeneyi ya zigawo zitatu, ndipo imathandiza chifukwa imakamba zinthu zooneka. Mwachitsanzo mungati: "Bambo, Lachinayi lija munalemba pa code ya mnzathu kuti ndi ntchito ya mwana wa sukulu. Kuyambira tsikulo sanatumizenso ntchito yake kuti iunikidwe mpaka tsiku lomaliza, ndipo cholakwika chimene mukanachigwira msanga chinafika kwa kasitomala." Mukatero khalani chete, mumve mbali yake. N'kutheka kuti iye anaphunzira ntchitoyi pansi pa anthu amene ankamulankhula chimodzimodzi, ndipo amaganiza kuti akuthandiza.

Mumutsimikizire kuti simukumupempha kuti atsitse muyeso wa ntchito. Nthawi zambiri munthu wotere amakhala akunena zoona pa code yomweyo, ndipo gulu likufunika maso ake. Mukumupempha kuti zoonazo azizinena m'njira imene mnzake angathe kuzilandira n'kuphunzirapo. Gerald Weinberg analemba kale mu 1971 kuti wolemba mapulogalamu asamadzione ngati iye ndi code yake ndi chinthu chimodzi, ndipo mfundoyi imagwira mbali zonse ziwiri: wolandira ndemanga asaimve ngati chipongwe, woperekanso asalase munthu pamene akukonza ntchito. Lolani gulu lonse lilembe lokha malamulo ochepa a kaunikidwe ka code, monga akuti ndemanga izinena chifukwa chake, izisiyanitsa chinthu choyenera kukonzedwa ndi chinthu chongokonda mwiniwake, ndiponso kuti anthu akabwezerana mawu katatu osamvana asiye kulemba n'kukambirana pakamwa. Kenaka mupatseni mkuluyo udindo wokhala pa kompyuta imodzi ndi mmodzi wa achinyamata aja kwa maola angapo pa sabata. Kugwira ntchito awiriawiri kotereku ndi mbali ya Extreme Programming, njira imene Kent Beck anaikhwimitsa pa ntchito ina ya kampani ya Chrysler kuyambira 1996. N'kovuta kulankhula mawu olasa kwa munthu amene wakhala pambali pako, amene ukuona mmene akuganizira, ndipo akuluakulu ambiri amafewa akapatsidwa ulemu wokhala mphunzitsi. Koma ngati miyezi ipita iye osasintha, nkhaniyi iyenera kuoneka pa kuunika kwa ntchito yake ndiponso pa kukwezedwa kwake. Katswiri mmodzi amene watseka pakamwa anthu awiri akuchotsera gulu zambiri kuposa zimene akulipatsa, ndipo achinyamatawo akuyang'ana kuti aone ngati inu mukudziwa zimenezo.

Za kasitomala ndinene mwachidule. Munthu akagwedeza mutu pamsonkhano sizitanthauza kuti wamva. Kawirikawiri amavomera chifukwa safuna kuoneka wosadziwa pamaso pa akatswiri. Pa sprint review, msonkhano woonetsa kasitomala zimene mwapanga pa sprint, mumupatse foni kapena kompyuta kuti ayese yekha pulogalamuyo, inu mukuonerera osamuuza pomwe adine. Mumupemphe zitsanzo za ntchito yake yeniyeni, monga zimene zimachitika pakutha pa mwezi kapena netiweki ikadukira pakati pa kulipira. Musanabalalike, mmodzi wa gulu lanu abwereze m'mawu ake zimene wamva, ndipo kasitomala akonze pamene palakwika. Ngati kasitomalayo amamasuka kwambiri m'Chichewa, lankhulani Chichewa. Ndiponso kamodzi pa sprint, wina afotokoze ntchito yake kwa mphindi zisanu kwa munthu wa mu ofesi yowerengera ndalama kapena wolandira alendo, ndipo womverayo anene ngati wamva.

Malo amene zonsezi zimakhazikika ndi retrospective, msonkhano wounika wa kumapeto kwa sprint. Norm Kerth, amene analemba za misonkhano yotereyi mu 2001, analangiza kuti iziyamba ndi kuvomereza kuti aliyense anachita zimene akanatha malinga ndi zimene ankadziwa pa nthawiyo. Kampani ya Etsy, yogulitsira zinthu pa intaneti, inatchuka pa nkhaniyi mu 2012 pamene katswiri wake John Allspaw anafotokoza mmene ankaunikira ngozi za pa makompyuta awo popanda kufunafuna woimba mlandu, pozindikira kuti munthu woopa chilango amabisa mfundo zimene zikanathandiza kupewa ngozi yotsatira. Pa gulu ngati lanu, aliyense ayambe walemba maganizo ake pa pepala wina asanalankhule, ndipo ang'onoang'ono alankhule poyamba, chifukwa mkulu akangoyamba ena onse amangovomereza. Muzisinthana woyendetsa msonkhano, ndipo nthawi zina inu mutuluke, popeza ndinu bwana wawo. Musankhe chinthu chimodzi chokha choti musinthe pa sprint ikubwerayo, ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi kufunsa ngati chinachitika.

Mphunzitsi wa kunja adzakhala wothandiza gulu likadzanena lokha chimene likusowa, mwina kayendetsedwe ka misonkhano kapena kakambidwe ka nkhani zovuta ndi kasitomala, ndipo mudzamupemphe kuti agwiritse ntchito nkhani za gulu lanu lomwe. Muwachenjezenso msanga akuluakulu a kampani kuti m'miyezi yoyamba adzamva za mavuto ambiri kuposa kale. Monga zinalili m'zipatala zimene Edmondson anafufuza, mavutowo analipo kale ndipo angoyamba kunenedwa, choncho akuluakuluwo asadzaganize kuti gulu lalowa pansi n'kuyamba kulanga anthu amene ayamba kumasuka.

FUNSO

Akonzi,

Ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndimalemba mapulogalamu ndili kunyumba, pa gulu limene anthu ake ambiri ali ku Ulaya. Mwachibadwa ndine wofatsa, ndipo pa misonkhano ya pa intaneti anzanga amalankhula Chingerezi mofulumira moti ndikamakonza yankho nkhani imakhala itapita. Pondiunika, mtsogoleri wathu anati ndiwonjezere luso lolankhulana. Kodi zikutanthauza kuti ndisanduke wolongolola?

Mnyamata wa ku Johannesburg

YANKHO

Achimwene, ayi ndithu. Kulankhula kwambiri ndi kulankhulana bwino ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mu 2010 Anita Woolley wa ku Carnegie Mellon University ndi anzake anafalitsa m'magazini ya Science kafukufuku wa anthu 699 amene anawagawa m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo anapeza kuti timagulu timene anthu ochepa ankalankhula okhaokha sitinkachita bwino poyerekeza ndi timene anthu ankapatsana mpata mofanana. Ndiye kuti gulu lanu likusowa mawu anu, ndipo anzanu olankhula mofulumirawo nawonso ali ndi chofunika kuphunzira.

Choyamba bwererani kwa mtsogoleri wanuyo mukamupemphe chitsanzo chimodzi kapena ziwiri za nthawi imene ankayembekezera kumva kuchokera kwa inu koma sanamve. Mawu akuti muwonjezere luso lolankhulana ndi otakata kwambiri moti simungadziwe poyambira. Kawirikawiri pa gulu la anthu otalikirana dandaulo lenileni limakhala lakuti sadziwa pamene ntchito yanu yafika. Mu ofesi anthu amaona nkhope yanu n'kudziwa kuti mwavutika, koma pa intaneti mukakhala chete saona chilichonse, ndipo ena amaganiza kuti zonse zili bwino pamene ena amaganiza kuti simukugwira ntchito.

Apa munthu wofatsa ali ndi mwayi, chifukwa gulu lotere limayenda ndi zolemba. Musanatseke kompyuta madzulo, lembani mizere itatu yonena pamene mwafika, chimene chakuimitsani ndi chimene mudzayambe nacho mawa. Pofunsa thandizo, nenani chimene mumafuna kuchita, zimene mwayesa kale ndi uthenga umene kompyuta yakubwezerani, kuti wokuyankhaniyo asayambe ndi kukufunsani mafunso ena. Ngati mukudziwa kuti magetsi azima pa nthawi ya msonkhano, auzeni m'mawa ndipo mutumiziretu zimene mukananena.

Pa misonkhano yeniyeniyo, pemphani kuti mitu yokambirana izitumizidwa msanga, ndipo mukonzeretu mfundo imodzi pa mutu umene ukukhudza ntchito yanu. Nkhani ikakupitirirani, si mwano kunena kuti mukufuna kubwerera pa mfundo imene yadutsa, kapena kuilemba pa malo olemberana mauthenga msonkhano uli mkati. Pa retrospective yotsatira mutchule poyera kuti liwiro la zokambirana limakusiyani m'mbuyo, ndipo mupemphe kuti woyendetsa msonkhano aziitana aliyense ndi dzina chigamulo chisanapangidwe. Pa gulu la ku Ulaya n'zosakayikitsa kuti alipo enanso amene Chingerezi si chilankhulo chawo choyamba, ndipo pempho lanulo lidzawathandiza iwonso.